Mabowo Amene Abambo Anaboola

Alamu anga anafika ku shopu Lolemba m'mawa atasenza thumba lolira zitsulo. Anali atavala jekete lawo la pamisonkhano, kolala itanyowa ndi thukuta, ndipo asanandipatse n'komwe moni analitula thumbalo pakati pa zitini zanga za penti.

"Ndabwera nawo onse a kumanda," anatero. "Makumi anayi ndi atatu, palibe wojomba."

Alamuwa ndi amuna a achemwali anga. Ndi mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo mpaka lero chilichonse amachiwerenga ngati akuitana mayina m'kalasi. Ine ndine wolemba zikwangwani. Mukaona pa sitolo palembedwa mowongoka, zilembo zonse msinkhu umodzi, mwina ndi dzanja langa, chifukwa sindigwira bulashi ndisanayeze. Anzanga amanditchula Tepi, ndipo dzinali sindilikana.

Nkhani ya thumbalo inayamba masiku angapo m'mbuyomo. Anthu okuza msewu anakhoma zikhomo zofiira kumudzi kwathu, mzere wake n'kudula pakati pa manda akale. Mayi woyeza malo ananena kuti adzabweranso Lachisanu. Akadzapeza kuti mandawo ndi akaledi, mtumbira uliwonse uli ndi dzina ndi chaka zowerengeka, adzalemba kuti msewu ukhote. Akadzapeza zitsulo za dzimbiri zokhazokha m'tchire, mafupa adzafukulidwa n'kukaikidwa kwina, katapila n'kudutsa. Alamu atandiimbira foni, ine ndi amene ndinati, "Kubwera sindingathe, ntchito yandichulukira. Ingomasulani zikwangwani zonse mubwere nazo, ndidzapente konkuno." Ndikunena izi poyera kuti mlandu wa zimene zinatsatira usagwere munthu mmodzi.

Zikwangwanizo anazipanga abambo anga, amene anali wosula zitsulo. Ali mnyamata anaona kuti chiswe chikumaliza timitengo ta pamitumbira, ndiye anayenda m'mandamo ndi okalamba omaliza amene ankadziwa kuti apa pagona ndani, n'kuika zitsulo m'malo mwa timitengoto. Mtumbira uliwonse unalandira mzati wachitsulo wokhala ndi kachitsulo kaphanthi kumutu, ndipo chikwangwani cha dzina chinkamangidwa pamenepo ndi mabawuti. Mayina ena ndi a anthu amene anamwalira agogo athu asanabadwe. Okalamba aja anapita onse, ndipo zimene ankadziwa zinatsala pa zitsulozo basi.

Nditaziyala pa benchi, mkwiyo wanga wakale unadzuka. Abambo sankayeza. Anthu ankawatchula a Diso, chifukwa ankangopanikiza chikwangwani pa mzati n'kuboola zonse ziwiri nthawi imodzi paliponse pamene diso lawo lagwera. China chinali ndi mabowo awiri, china atatu, bowo lina m'mwamba, lina latsetsereka m'mbali ngati linaledzera. Nditayamba kulandira malipiro ndinawagulira tepi yoyezera, iwo n'kukamangira chitseko cha khola la nkhuku. Tsiku limenelo ndinawauza kuti ntchito yawo ndi yochititsa manyazi. Iwo anangopitiriza kupukusa choboolera chawo, ndipo kuyambira pamenepo tinkangolankhulana za mvula ndi za matenda.

Mu mulu wonsewo zitatu zokha zinali zaulemu, mabowo anayi ofanana m'makona, chifukwa ndinazipanga ine. China chinali cha khanda la msuweni wathu, china cha telala wa pamudzi, chachitatu cha abambo. Atamwalira, achemwali anandiitana kawiri kuti ndibwere tidzakonze za pamanda. Ndinati nthawi ndilibe, ndinapanga chikwangwani ndi mzati wake n'kutumiza pa basi. Zaka khumi ndi chimodzi zinadutsa ndisanapondeko.

Masiku atatu ndinapala dzimbiri, kupaka penti wakuda, ndi kulondola zilembo zakale zimene zinkangooneka ukapendeketsa chitsulo pa dzuwa. Lachinayi tinakwera basi yoyamba, ine ndi alamu, chikwangwani chilichonse chitakulungidwa m'nyuzi n'kuikidwa m'katoni.

Achemwali tinawapeza kumanda ali ndi khasu. Tsiku limene amuna awo ankamasula zikwangwani iwo anali kuchipatala kudikirira mwana wawo amene anali atangobereka, ndipo atabwerako anapeza manda ali maliseche. Iwo ndi amayi ena anali atalambula monsemo, mitumbira ikuoneka bwinobwino, mizati yaima yopanda dzina ndi limodzi lomwe.

"Wafika mlendo," anatero, osasiya kupala. "Njira unafunsa kwa ndani?"

Ndinatsegula katoni, ndinatulutsa sipanala, n'kutembenukira kwa alamu.

"Pepala lija ndipatseni."

"Pepala liti?"

"Losonyeza kuti chikwangwani ichi chinachoka pa mzati uti."

Alamu anamwetulira ngati munthu amene wafunsidwa funso losavuta. "Alamu, musadandaule, zonse zili m'dongosolo. Pomasula ndinaziyala monga m'kaundula. Oyamba ndi A pamwamba, kenako B, mpaka pansi."

"Nanga akufawa anagona motsata kaundula?"

Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Alamu anayang'ana mizati, anayang'ana katoni, n'kukhala pansi pa chitsa osapukuta n'komwe fumbi. Ndinafuna kuwakalipira, koma ndinakumbukira kuti masiku atatu athunthu tinali limodzi ku shopu ndipo funsolo silinandibwerere. Safunsa anadya phula, ndipo phulalo tinagawana pakati.

Achemwali anaimika khasu. "Inu Aphunzitsi, zaka makumi atatu mukuphunzitsa ana a eni. Iwe, munthu wa tepi. Mitu iwiri, n'kusokoneza mudzi wonse wa anthu ogona okhaokha, osathawa n'komwe!"

Tinayesa kukumbukira. Achemwali ankadziwa mitumbira isanu ndi inayi. Amayi awiri amene anali nawo anawonjezera inayi, kenako anayamba kukangana ngati pafupi ndi chulu panagona mzamba kapena wogulitsa nyama. Za mzere wakale wa kumunsi, kumene kunadutsa zikhomo zofiira, panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa. Ndinachita mantha enieni. Abambo anasunga mayina amenewa moyo wawo wonse, ine n'kuwataya ndi foni imodzi.

Alamu anadzuka atapeza nzeru. "Tamverani. Madzi akatayika saoleka. Mayi woyeza uja sadziwa munthu aliyense muno. Akufuna dzina pa mzati uliwonse. Tiyeni tingomanga, amene tikuwadziwa m'malo mwawo, otsalawo paliponse. Chachikulu msewu ukhote."

"Ndiye mukufuna mkazi wa mwini agone ndi dzina la mwamuna wina?" anafunsa achemwali. "Mwana adzabwere kuchokera kutali adzalire pa mtumbira wa munthu amene anamenya agogo ake? Bola katapilayo, iye sanama."

Ine ndivomere kuti mumtima ndinali kumbali ya alamu. Dzuwa linali litakwera kale, mawa lake linali Lachisanu.

Alamu anatenga chikwangwani chapamwamba n'kupita nacho pa mzati woyamba. Bawuti woyamba analowa, wachiwiri anagunda chitsulo. Anachitembenuza, anachipendeketsa, osatheka. Anapita pa mzati wachiwiri, kumeneko ngakhale bowo limodzi silinakumane ndi linzake. Wachitatu, wachinayi, chimodzimodzi. Jekete anavula.

"Akukana," anatero achemwali.

Ndinalanda chikwangwanicho mokwiya. "Ntchito ya abambo imeneyi! Akanayeza bwenzi chilichonse chikulowa paliponse, pano tili pakati. Koma ayi, chitsulo chilichonse ndi mabowo akeake, ngati..."

Ndinayang'ana mabowo atatu osalingana aja, ndinayang'ana mizati. Kenako ndinayamba kuyenda, mzati ndi mzati, kuika, kusuzumira, kuchotsa. Pa mzati wa khumi ndi chiwiri, pafupi ndi chulu, kuwala kunadutsa m'mabowo onse atatu. Mabawuti analowa okha, osakankha. Chinali cha mzamba.

"Ndinanena ine!" anafuula mmodzi wa amayi aja, amene kanthawi kapitako ankalumbira kuti pamenepo ndi pa wogulitsa nyama.

Ndinakhala pansi m'fumbi n'kuseka mpaka misozi. Mtima unatsika n'kukhala m'malo. Poti abambo ankaboola chikwangwani ndi mzati wake nthawi imodzi, popanda muyezo, panalibe ziwiri zofanana, ndipo chilichonse chinkangolowa kwawo kokha.

Kuyesa chimodzichimodzi tikanachezera, ndiye tinapeza njira yachidule. Alamu, Mulungu awadalitse, sayenda opanda choko ndi kope m'thumba la jekete. Analemba nambala pa mzati uliwonse, ine ndikumata pepala pa kachitsulo kaphanthi n'kubaya ndi pensulo m'mabowo. Mapepalawo tinawayala pa mthunzi wa mtengo waukulu, titawatsindika ndi timiyala, n'kumasanjikiza zikwangwani pamwamba. Za mabowo awiri kwawo, za atatu kwawo. Chikalingana, achemwali ankawerenga dzina mokweza, alamu akulilemba pa mapu amene anajambula pakati pa kope, amayi aja akuthamanga nacho kwa mwini wake.

Ziwiri zinatipatsa thukuta, za munthu ndi mkazi wake, zimene zinkasiyana pang'ono kwambiri. Alamu ankati n'chimodzimodzi, si banja limodzi kodi. Apa ndi pamene tepi yanga inagwira ntchito tsiku limenelo. Ndinayeza modekha, ndinapeza kusiyana kosakwana chikhadabo, ndipo aliyense anabwerera pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzuwa litapendeka, zikwangwani makumi anayi zinali zitamangidwa. Mzere wakale wa kumunsi unali ndi mayina ake onse, oyera pa chitsulo chakuda, zaka zake zikuoneka uli chapatali. M'katoni munatsala zitatu zanga zija, zokongola, zofanana mabowo ngati mapasa, zimene zikanalowa paliponse popanda kukana.

"Achemwali," ndinatero motsitsa mawu, "pa abambo ndi pati?"

"Sudziwa?"

"Tsiku la maliro kunali anthu ambiri. Ndiponso mitengo yakula."

"Mitengo yakuladi. Zaka khumi ndi chimodzi mtengo umakula." Anapukuta manja pa nsalu yawo. "Ena onsewa wawapeza wekha. Abambo akonso apeze wekha."

Manyazi amene anandigwira sindinawaonepo. Ndinanyamula zitatuzo n'kuyamba kufunafuna mizati yotsala. Woyamba unali pa kamtumbira kakafupi, mabowo anayi m'makona, ntchito yanga. Pamenepo panali pa khanda, sipanafunike kufunsa. Wachiwiri unali pa mtumbira wautali, wanganso. Ndinaima ndi zikwangwani ziwiri m'manja, cha telala ndi cha abambo, ndikudziwa kuti zonse zilowa, ndipo tepi yanga sikanandiuza kanthu. Ndinaganiza zoyamba ndaona wachitatu.

Unali kumapeto, m'mbali mwa mpanda wa minga. Nditawerama, ndinadabwa. Mzatiwo sunali wanga. Unali ndi mabowo atatu, lina m'mwamba, lina pakati, lachitatu latsetsereka m'mbali. Pa kachitsulo kaphanthi panali mizere ya dzimbiri yopingasa, mmene munadutsa waya kwa zaka zambiri. Zikwangwani zonse za abambo zinali zitapeza kwawo, ndiye mzati uwu, wa dzanja lawo lomwelo, unali wa yani?

Ndinatembenuka. Alamu anali kalikiliki kuwerenga mapu awo ngati muli nkhani yatsopano. Achemwali anali ataima kumbuyo kwanga.

"Anaupanga okha," anatero, "mwezi umodzi asanagone pa mphasa. Wako uja unabwera pa basi sindinaukumbire. Chikwangwani chako sichinalowe apa, ndiye ndinachimanga ndi waya."

"Nanga mzati wanga uli kuti?"

"Ndimayanikira zovala. Ndi wowongoka bwino, chingwe sichigwa."

Ndinagwada n'kuika chala m'bowo lotsetsereka lija. Sindimadziwa kulankhula ndi mitumbira. Koma ndinasangalala kuti ndawapeza, ndiponso kuti ndawazindikira ndekha, ndi chinthu chomwecho chimene ndinawanyozera.

Cha telala ndinakamanga kwawo. Pobwerera ndinayamba kuyeza pa chikwangwani changa pamene ndingaboole kuti chilingane ndi mzati wa abambo, koma achemwali anandigwira dzanja.

"Usaononge chitsulo. Tiye kunyumba."

Kunyumba analowa kuchipinda, ndinamva akukoka sutikesi pansi pa bedi. Anatuluka ndi kanthu kokulungidwa m'shati yakale ya abambo. Munali chikwangwani chosalembedwa, dzimbiri pang'ono m'mphepete, mabowo atatu osalingana.

"Anaboola pamodzi ndi mzati uja," anatero. "Anati, 'Chitsulo ndaboola ndi diso langa. Dzina adzalembe mwana uja ndi tepi yake, amawongola bwino.' N'chifukwa chake ndinkakuitana."

"Bwanji simunandiuze pa foni?"

"Ndinkafuna ubwere chifukwa cha abambo ako, osati chifukwa cha oda ya chikwangwani. Utatumiza za pa basi zija ndinapsa mtima, ndinati chikhale." Anandiyang'ana. "Inenso mtima wanga ndi wa pabanja pomwepa, ukudziwa."

Ndinapala dzimbirilo madzulo omwewo n'kupaka penti wakuda kuti agone akuuma. Lachisanu m'mamawa ndinakhala pakhonde, ndinayeza mizere, ndinagawa zilembo, n'kulemba dzina la abambo ndi zaka zawo. Ndalemba masitolo, mabasi ndi matchalitchi, koma sindinalembepo mosamala ngati tsiku limenelo, chigongono nditatsamiritsa pa bondo. Pansi pa dzinalo ndinawonjezera mawu awiri, wosula zitsulo. Ndinachinyamula m'mphepete ngati mbale yotentha mpaka kumanda, ndipo mabawuti atatu analowa osakankha.

Mayi woyeza malo anafika cha m'ma naini, atavala nsapato zamatope ndi chipewa, fayilo ili m'khwapa. Sanali wa mawu ambiri. Anayamba ndi mzere wa kumunsi, kuwerenga dzina ndi chaka, kulemba, kujambula ndi foni. Atafika pa mtumbira wakale kwambiri anawerenga chakacho kawiri n'kuimba kamluzu. Alamu ankawatsata m'mbuyo ndi mapu awo, jekete litabwerera pathupi, akufotokoza ngati woyang'anira sukulu wabwera. Mayiwo anapempha kujambula mapuwo, ndipo alamu anatupa moti mabatani akanaduka. Za kaundula wa A ndi B panalibe anatchula.

"Ndafika m'manda ambiri," anatero mayiwo potseka fayilo. "Kwinaku amangoloza ndi chala n'kumakangana. Awa sitingawakhudze. Ndilemba kuti msewu udutse kuseri kwa mpandawo."

Anazula chikhomo chofiira choyamba ndi dzanja lawo, alamu n'kuzula zotsalazo asanauzidwe. Achemwali anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi nsalu, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka. Ine ndinangomva njala, poti chidyereni dzulo lake m'mawa.

Potuluka, mayiwo anadutsira m'mbali mwa mpanda wa minga. Anaima pa mtumbira wa abambo, anawerama, n'kukhudza chilembo chomaliza. Chala chinabwera choyera.

"Awa amwalira liti?"

"Papita zaka khumi ndi chimodzi," anayankha achemwali.

"Nanga penti wosaumayu?"

Achemwali anatsegula pakamwa, koma ndinawatsogolera.

"Chitsulo chinali chokonzeka kalekale, mayi," ndinatero. "Wolemba wake ndi amene anachedwa kubwera."